Musanaoche njerwa, yesani malo

Ku Nyanje, m'boma la Sinda, a Dutch Reformed anatsegula mishoni mu 1905. Lero pali chalichi, cipatala ndi sukulu, cifukwa malo okulira analipo. Naco cipatala ca St Francis ku Katete, ca mu 1948, cinakula nyumba ndi nyumba.

Nanga ife? Tikagulitsa cimanga ndi nshawa timasonkha, n'kumanga chalichi pakati penipeni pa malo. Mpingo ukakula, ena amamvera ulaliki pawindo, pofutukulira palibe.

Abale a ku Vubwi, Sinda ndi Katete, yambani mwatenga kalata ya malo kwa amfumu. Jambulani pulani yonse: chalichi, nyumba ya abusa, holo, mjigo, ndi zimbudzi kutali ndi madzi. Mbali imodzi musamangepo, adzukulu adzafutukulire komweko.