Chakudya Choyamba, Mbuzi Pambuyo

M'mbali mwa msewu wa Mchinji, kuyambira pa Chitedze, kudutsa pa Mpingu mpaka ku Namitete, muli alimi ena amene sanabadwire pakhomo la ziweto. Anakulira ku Area 25 kapena ku Chinsapo, makolo awo ali aphunzitsi kapena amalonda. Malo amene amagula kapena kuchita lendi nthawi zambiri amakhala oguga, poti akhala akulimidwa chimanga ndi fodya kwa zaka zambiri. Cholinga chawo n'chakuti ziweto zidzutse nthakayo, nthakayo nayo idyetse ziweto ndi banja.

Mwezi umene umayesa mlimi wotereyu ndi Okutobala. Msipu umakhala utauma, osaka mbewa atatentha tchire, ndipo mbuzi zogulidwa ndi ndalama za banki m'khonde zimayamba kuonekera nthiti. Amene anathamangira kugula ziweto asanakonze chakudya amazigulitsa motchipa, kapena zimamufera.

Choncho chaka choyamba n'chodzala. Nsenjere idzalidwe m'malire a munda ndi pa milambala, pomwe imatchinganso madzi kuti asakokolole nthaka. Gilisidiya ndi lukina zimapereka masamba obiriwira ngakhale m'chilimwe. Ukapezeka msangu m'munda, usadulidwe: umayoyola masamba nthawi ya dzinja, choncho sutchingira chimanga dzuwa, ndipo nyemba zake mbuzi zimazikonda.

Dera lino lili ndi mwayi wa mtedza. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze, amene anakhazikitsidwa mu 1948, akhala akugwira ntchito ndi bungwe la ICRISAT kuyambira mu 1982, ndipo mtedza wa CG7 ndi umodzi mwa zipatso za ntchitoyi. Mtedza umawonjezera chonde m'nthaka, ndipo masangwi ake ndi chakudya chopatsa thanzi kuposa mapesi a chimanga. Aumitseni, muwasunge pathandala pamthunzi, pomwe chiswe ndi mvula sizingafike.

Chakudya chikakwanira, yambani ndi mbuzi zazikazi ziwiri kapena zitatu. Mbuzi imatenga bere miyezi isanu, ndiye khola limakula lokha. Mangani khola lam'mwamba, la pansi pa timipata, kuti ndowe zizigwera pansi. Mbuzi zimagona pouma, matenda a ziboda amachepa, ndipo manyowa amasonkhana malo amodzi. Ndowezo muzisakaniza ndi zinyalala za m'munda ndi phulusa m'dzenje, n'kufunditsa mpaka ziwolerane. Zikasiyidwa padzuwa, mphamvu yake imauluka.

Nthawi ya dzinja, pamene mbuzi zimamangiriridwa, sunthani chikhomo tsiku lililonse ndipo musabwerere pamalo pomwepo msanga. Udzu umapeza mpata wophukira, ndipo njoka zam'mimba sizichulukana. Pewani madambo a madzi odikha. Nkhuku zachikuda nazo zimathandiza popalasa ndi kutola tizilombo, koma chitopa chimatha kuseseratu khola lonse. Katemera wa I-2, wodontheza m'diso, amapezeka kudzera kwa alangizi a ziweto, ndipo amafunika kubwerezedwa kangapo pachaka.

Pali chinthu china chimene sichilembedwa m'mabuku. M'midzi yambiri, anthu akakolola ziweto amazitayirira, ndipo zimadya mapesi a munda wa aliyense. Mlendo amene akufuna kuphimbira nthaka yake ayambe wakacheza ndi amfumu ndiponso oyandikana nawo minda, amve malamulo a m'mudzimo, kenako atchinge malo ake ndi kulambula njira yoteteza moto. Anansi omwewo ndi amene adzakuwe usiku akuba akafika pakhola.

Chiweto chimadya tsiku lililonse, choncho Lachisanu mwetani udzu wa masiku awiri ndi kutungiratu madzi, kuti pa Sabata ntchito ingokhala yozipatsa.

Nthaka yoguga sichira nyengo imodzi. Koma phindu lina limafika msanga: dzira m'phala la mwana, mkaka wowiritsa bwino, ndi ndiwo zamasamba zothiridwa manyowa a pakhomo pomwepo. Patsogolo pake, ndalama zogulira feteleza zimayamba kutsala m'thumba.