Masewera Ogwetsana ndi Malamulo Ake

Sabata ino tipumuleko pang'ono pa nkhani ya mizere ndi anankafumbwe. Nandolo wachoka m'munda, ntchito yachepa, ndipo madzulo anyamata ayambanso kugwetsana pabwalo ndi m'mphepete mwa mtsinje wa Thuchila. Mafumu ena amaletsa, ena amangopenya. Tsono ndifuna mudziwe kuti kugwetsana ndi masewera amene maiko amapikisana, ndipo ali ndi malamulo amene angatithandize kuno kwathu.

Choyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Zimene ana amaonera m'nyumba za kanema pamsika, za zimphona zomenyana ndi mipando mkati mwa zingwe, ndi sewero chabe. Wopambana amagwirizana kale, ndipo anthu aja anaphunzira zaka zambiri kagwedwe kosavulaza. Mwana wanu sadziwa zimenezo. Iye akwera pachulu nalumphira mnzake pakhosi, ndipo mawa lake muli pa ulendo wa kuchipatala. Kugwetsana kwenikweni, kumene Angerezi amati amateur wrestling, kulibe nkhonya, kulibe mateche, kulibe kukanyanga pakhosi kapena kupotokola dzanja. Kale dzinali linkatanthauza kuti munthu salipidwa. Lero maboma ambiri amasamala anthu awo ndi ndalama, koma mpikisano wake ngwoona: palibe adziwa wopambana kufikira nthawi itatha.

Masewerawa ngakale zedi. Ku Egypt, m'manda a ku Beni Hasan, muli zithunzi za anthu ogwetsana zojambulidwa zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Agiriki anawalowetsa m'masewera awo a Olympic zaka 708 Yesu asanabadwe, ndipo pamene masewera a Olympic anayambanso ku Athens mu 1896, kugwetsana kunalipo. Chaka chimenecho panalibe sikelo. Wamng'ono ndi wamkulu ankangogwirana. Pofika 1904 ku St. Louis anayamba kugawa anthu monga mwa kulemera kwawo. Akazi analowa mu 2004.

Kachitidwe kake nkotere. Anthu awiri amakumana pa chofunda chofewa ngati matiresi, mkati mwa bwalo lozungulira la mamita 9 kudutsa pakati. Amalimbana mphindi 3, napuma theka la mphindi, nalimbananso mphindi 3. Ukagwetsa mnzako ndi kumgwira kuti mapewa ake onse awiri akhudze pansi, wapambana pomwepo, ngakhale iye anali patsogolo. Zikapanda kutero amawerenga mapointi. Kugwetsa mnzako ndi kukhala pamwamba pake ndi mapointi 2, kumtulutsa m'bwalo ndi pointi imodzi, ndipo kumnyamula ndi kumponya bwino kufika 4 kapena 5. Kwa amuna kuli mitundu iwiri. Mu freestyle uloledwa kugwira miyendo ndi kupinga ndi mwendo, monga achitira anyamata athu. Mu Greco-Roman ugwira kuyambira m'chiuno kupita kumwamba basi. Wina akatsogola ndi mapointi 10 mu freestyle, kapena 8 mu Greco-Roman, woyimbira amaimitsa masewera, pakuti palibe chifukwa chopitirizira kuzunza munthu amene wagonja kale.

Koma lamulo limene ndifuna mulisunge ndi la sikelo. Inu achikumbe mudziwa mkangano umene umabuka pamsika pa Nkando singano ya sikelo ikapendekeka pang'ono pogulitsa nandolo. Kumeneko sanyengererana mpang'ono pomwe. Mu August 2024 ku Paris, mayi wina wa ku India, Vinesh Phogat, anagonjetsa anzake atatu tsiku limodzi m'gulu la makilogalamu 50, natsala ndi mpikisano womaliza wolimbirana mendulo ya golide. M'mawa mwake atakwera pa sikelo anapezeka kuti wapyola ndi magalamu 100 okha, kulemera kwa nandolo wouma theka la kapu. Anamchotsa, ndipo anabwerera kwawo wopanda mendulo iliyonse. Ambiri anati nkhanza. Ine ndiona kuti chilangocho chinali chowawa ndithu, koma lamulolo lili ndi nzeru: munthu wolemera akagwera wopepuka, fupa la wopepukayo ndilo limathyoka. Nchifukwa chake ku Olympic amuna a freestyle ali ndi magulu 6, kuyambira makilogalamu 57 kufikira 125, ndipo akazi kuyambira 50 kufikira 76.

Musaganize kuti ndi masewera a azungu okha. Karam Gaber wa ku Egypt anatenga golide mu 2004. Marwa Amri wa ku Tunisia anatenga mendulo yachitatu mu 2016, ndipo Blessing Oborududu wa ku Nigeria anatenga yachiwiri ku Tokyo mu 2021. Mijaín López wa ku Cuba, wobadwira kumudzi, anatenga golide kasanu kotsatizana kuyambira 2008 kufikira 2024, ndipo atapambana komaliza, ali ndi zaka 41, anavula nsapato nazisiya pakati pa bwalo kusonyeza kuti wapuma. Ku Senegal kugwetsana kunayambira m'midzi, pa nyengo ngati ino anthu atakolola. Dziko lathu linayamba kupita ku Olympic mu 1972, ndipo masewera awa ndi amodzi mwa otsika mtengo amene mwana wa mlimi angayambe: safuna mpira, safuna jombo.

Tsono inu mafumu, kuletsa kokha sikuthandiza, chifukwa anyamata adzangosamukira kuseri kwa chulu kumene kulibe wamkulu. Kuli bwino muwapatse malo. Sankhani pamchenga, kapena limani bwalo ndi khasu kuti dothi lifewe, muchotse miyala, zitsa ndi magalasi. Pasakhale kugwetsana pa nthaka youma ya October imene ili ngati simenti. Bwerekani sikelo ya kalabu, ija yokoloweka, mumangire thumba lolimba ndi kuyesa anyamatawo, kuti olingana azigwirana okhaokha. Msinkhu wokha umanyenga, poti ana a zaka zofanana amasiyana matupi. Ndipo pasapezeke mwana wodzimana chakudya kapena madzi kuti apepuke. Adye nsima yake ndi nandolo, mtedza ndi masamba, alowe gulu limene thupi lake lamuika.

Muikenso munthu wamkulu mmodzi, wosamwa tsiku limenelo, wopanda mwana wake m'bwalo, kuti akhale woyimbira. Iye akati basi, ndi basi. Aone kuti zikhadabo zawengedwa, ndi kuti wa zipere kapena mphere adikire kufikira atachira, chifukwa nthenda za pakhungu zimafala msanga pogwirana. Mwana akagunda mutu nachita chizungulire kapena kusanza, asabwererenso m'bwalo. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Kubetcha ndalama musalole, pakuti ndewu za midzi zimayambira pamenepo. Asanayambe ndi atatha agwirane chanza, monga achitira ku maiko konse.

Mvula yoyamba ikagwa bwalo litsekedwe, onse kumunda. Sabata yamawa tidzakamba za kusankha mbewu ya chimanga. Tsalani bwino.