Yogati wopanda mkaka wa ng'ombe: n'chiyani, nanga Msilamu angamudye?

M'masitolo akuluakulu a ku Johannesburg, London ndi mizinda ina kumene abale athu akukhala mumapezeka yogati amene sanapangidwe kuchokera ku mkaka wa chiweto chilichonse. Pachibekete chake pamalembedwa mawu akuti vegan, ndipo ambiri amamudya ngati kadzutsa. Msilamu akamuona ayenera kudzifunsa mafunso awiri: kodi ali ndi phindu m'thupi, nanga ndi halaal?

Mawu akuti vegan anayambira ku Britain m'chaka cha 1944, pamene Donald Watson ndi anzake anakhazikitsa bungwe la Vegan Society. Otsatira kadyedwe kameneka sadya nyama, nsomba, mazira, mkaka ngakhale uchi. Chisilamu sichinaletse zimenezi. Surah An-Nahl imatchula mkaka ndi uchi pakati pa mitendere imene Allah anapatsa anthu. Choncho amene wasankha yogati wa zomera asaganize kuti wa mkaka ndi haraam. Chifukwa chomveka chomusankhira ndi cha thanzi. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse padziko lapansi, akakula, matupi awo amachepetsa mphamvu yogaya lactose, shuga wa mu mkaka. Ambiri mwa iwo akamwa mkaka, m'mimba mumadzaza mpweya, mumapota, ndipo nthawi zina amatsekula. Ena chambiko sichiwavuta, pakuti kusasa kumachepetsa shugayo, koma ena ngakhale chambiko chimawakana.

Yogati wa zomera amapangidwa kuchokera ku soya, kokonati, oats kapena mtedza wa almond. Chimene chimamusasitsa ndi mabakiteriya omwe aja amene amasasitsa mkaka wa ng'ombe, otchedwa Lactobacillus bulgaricus ndi Streptococcus thermophilus. Mabakiteriyawa amadya shuga nkutulutsa asidi, ndipo asidiyo ndiye amalimbitsa mkakawo ndi kuupatsa kuwawasa. Amagwira bwino ntchito pa kutentha kwa madigiri 40 mpaka 45.

Mitunduyi siyofanana pa zomanga thupi. Mkaka wa soya uli ndi magalamu pafupifupi 3 a mapuloteni pa mamililita 100 alionse, kufanana ndi wa ng'ombe. Wa kokonati uli ndi mapuloteni ochepa kwambiri koma mafuta ambiri, kotero sungasunge mimba ya msodzi kapena mwana wasukulu mpaka masana. Chinanso, mkaka wa ng'ombe uli ndi mamiligalamu pafupifupi 120 a calcium wolimbitsa mafupa pa mamililita 100, komanso vitamini B12 wothandiza magazi ndi mitsempha. Mkaka wa soya uli ndi calcium wochepa ndipo ulibe B12, pokhapokha opanga atachita kuthiramo. Ife a m'mbali mwa nyanja tili ndi mwayi, pakuti usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe amatipatsa zonse ziwiri. Koma tichenjezane: mkaka wa soya wopangira pakhomo sungalowe m'malo mwa bere kwa khanda, ndipo alipo anthu ena amene thupi lawo siligwirizana ndi soya.

Tibwere ku funso la halaal. Yogati wina wa mkaka amathiridwa gelatin kuti alimbe, ndipo gelatin amachokera ku chikopa cha nkhumba kapena ku zikopa ndi mafupa a ng'ombe zimene sitidziwa kazingidwe kake. Yogati wa vegan sakhala ndi gelatin. Opanga amalimbitsira pectin wa m'zipatso, agar wa ku ndere za m'nyanja, kapena sitachi. Pamenepa chikaiko chimodzi chachoka. Komabe vegan ndi halaal ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kadyedwe ka vegan sikaletsa mowa, ndipo zonunkhiritsa zina, monga vanila, zimasungunulidwa mu alcohol. Ma Ulamaa amasiyana maganizo pa kadontho kotere. Njira yopanda chikaiko ndi kugula yogati wosathira zokometsera, kapena wokhala ndi chizindikiro cha halaal, ndi kuwerenga zolembedwa pachibekete, kuphatikizapo kuchuluka kwa shuga.

Popeza soya amalimidwa kwambiri ku Mchinji, Lilongwe, Kasungu ndi Dedza, yogatiyu angapangidwe pakhomo. Viikani kapu imodzi ya soya usiku wonse, chotsani makoko, sinjani mpaka asalale, sakanizani ndi lita imodzi ya madzi, kenaka sefani ndi nsalu yoyera. Wiritsani mkakawo kwa mphindi 20 mukutakasa, pakuti soya wosapsa amasokoneza kagayidwe ka chakudya. Ukazizira kufika pofunda, thiranimo supuni yaing'ono ya shuga ndi masupuni awiri a yogati wosathira zokometsera kuti akhale mbewu yosasitsira, vundikirani, nkuusunga pofunda kwa maola 8. Mbewuyo ikakhala ya yogati wa ng'ombe, dziwani kuti mwalowa kamkaka pang'ono. Zotsala pansalu zija musataye, ziphikeni m'phala. Kutentha kwa ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kumaononga chakudya msanga, choncho amene alibe firiji apange wokwanira tsiku limodzi.

Yogati wotere, pamodzi ndi nthochi, mango kapena phala la mgaiwa, ndi kadzutsa wokhutitsa, ndipo m'mwezi wa Ramadhan angathandizenso pa dakwi. Thupi ndi amaanah imene tinapatsidwa. Tidziwe chimene tikulidyetsa. Allah ndiye Wodziwa kwambiri.