Chomwe chimaimitsa katapila injini ili yabwinobwino

M'dera la Mfumu Yaikulu Kasisi m'boma la Chikwawa, kulira kwa makina okumba ndi kusalaza nthaka kudasiya kukhala kwachilendo. Kumeneku ndiko kwadutsa chigawo choyamba cha ngalande ya Shire Valley Transformation Programme, yomwe idakonzedwa kuti izitenga madzi ku damu la Kapichira pa mtsinje wa Shire kuti adzathirire mahekitala 43,370 m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje. Ntchitoyi, yomwe idakhazikitsidwa m'chaka cha 2020 ndi thandizo la World Bank ndi African Development Bank, imadalira makina akuluakulu amene anthu amangowatcha onse kuti katapila.

Pa ntchito zoterezi, katapila mmodzi akaima tsiku lathunthu, matipa onyamula dothi amaimanso, aganyu n'kubwerera kunyumba chimanjamanja. Chomwe chimazunguza ambiri n'choti nthawi zina injini imakhala yabwinobwino, dizilo ali wodzadza, koma makinawo osalira, kapena kulira koma mopanda mphamvu. Kawirikawiri zikatero ndiye kuti makompyuta a m'makinamo asiya kumvana.

Makina a masiku ano amakhala ndi makompyuta ang'onoang'ono angapo. Ina imayang'anira injini, ina mapampu a mafuta okweza ndi kutsitsa mkono wokumbira, ina magiya, pomwe ina imaonetsa dalaivala zomwe zikuchitika pa sikirini. Onsewa amatumizirana mauthenga mosalekeza. Mwachitsanzo, kompyuta ya mapampu imafunika kudziwa liwiro la injini isanawonjeze katundu. Uthengawo ukachedwa kapena kusowa, makina amadzichepetsera okha mphamvu podziteteza, mwinanso kukaniratu kulira.

Njira yotumizirana mauthengayi imatchedwa CAN, ndipo idatulutsidwa ndi kampani ya Bosch ya ku Germany m'chaka cha 1986. Makina olemera ambiri amaigwiritsa ntchito potsata ndondomeko yotchedwa J1939. Mauthenga onse amayenda m'mawaya awiri opotana ngati chingwe, ndipo nthawi zambiri wina amakhala wachikasu, wina wobiriwira. Popeza makompyuta onse amagawana mawaya omwewo, malo amodzi akaonongeka makina onse amatha kusokonezeka, ndipo sikirini imadzadza ndi machenjezo ambiri omwe gwero lake ndi limodzi.

Apa mpomwe ndalama zambiri zimaonongekera. Makaniko wopupuluma akaona chenjezo lotchula kompyuta ya injini, amalamula kuti igulidwe yatsopano. Zipangizo zotere zimachokera kunja, zimafuna ndalama zakunja zomwe zakhala zikusowa m'dziko muno, ndipo zimatenga masabata kuti zifike. Ikafika, vuto n'kukhala lili pomwepo, chifukwa chomwe chidaonongeka ndi kawaya kapena pulagi yodyeka ndi dzimbiri. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi kudekhako kuli ndi ndondomeko yake.

Choyamba n'kuyeza mabatire. Makina akuluakulu ambiri amayendera mavoti 24 ochokera m'mabatire awiri a mavoti 12. Batire imodzi ikafooka, kapena waya wolumikiza batire ku chitsulo cha makina ukakhwefuka, makompyuta amazima pa nthawi yoliza injini, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi za vuto la mauthenga. Mafyuzi nawo ayenera kuonedwa pa nthawi yomweyi.

Chachiwiri n'kuwerenga manambala a machenjezo, kaya pa sikirini kapena pa laputopu yolumikizidwa ku pulagi yoyezera, yomwe pa makina ambiri imakhala yozungulira ya mano 9. Mu ndondomeko ya J1939, nambala ya SPN imatchula mbali yomwe ili ndi vuto, pomwe ya FMI imanena mtundu wa vutolo. FMI 9 imatanthauza kuti uthenga sukufika m'nthawi yake. Funso lofunika apa ndi loti, ndi makompyuta angati omwe asowa? Ikasowa imodzi, vuto limakhala pa fyuzi, magetsi kapena nthambi ya waya yopita kwa iyo. Akasowa onse, ndiye kuti laonongeka ndi thunthu la mawaya awiri aja.

Chachitatu n'kuyeza mawayawo ndi mita ya m'manja, batire itachotsedwa. Kumapeto kulikonse kwa mzerewu kumakhala kachipangizo kotchedwa resistor ka ma ohm 120, komwe kamaletsa mauthenga kubwerera m'mbuyo ndi kusokoneza anzake. Tiwiri timeneti tikakhala bwino, mita imaonetsa ma ohm 60. Ikaonetsa 120, ndiye kuti kamodzi kasowa kapena waya waduka panjira. Ikaonetsa pafupifupi ziro, mawaya awiriwo akhudzana. Ikaonetsa 40, pali kachitatu komwe kalowa, zomwe zimachitika ena akamangirira mosasamala zipangizo zowonjezera monga zolondolera komwe makina ali.

Batire ikabwezedwa ndipo kiyi n'kutsegulidwa, waya uliwonse uyenera kuonetsa mavoti pafupifupi 2.5, wachikasu kupitirira pang'ono, wobiriwira kucheperapo pang'ono. Waya woonetsa ziro wakhudza chitsulo, ndipo woonetsa mavoti a batire wakhudzana ndi waya wa moto. Zikakhala kuti mawaya ali bwino koma mauthenga sakuyendabe, makaniko amazula makompyuta imodziimodzi, makina atazimitsidwa, mpaka otsalawo atayambanso kumvana. Yomwe yazulidwa komalizayo ndiyo imakhala ikusokoneza zinzake. Vuto lobwera n'kupita limapezeka pogwedeza mtolo wa mawaya pang'onopang'ono uku maso ali pa mita.

Nyengo ya m'chigwa cha Shire imakulitsa mavutowa. M'miyezi ya October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo mphira wokuta mawaya umauma n'kung'aluka. Fumbi limalowa m'mapulagi, mvula ikabwera n'kusanduka matope osunga chinyezi. Madzi osefukira, monga omwe adadza ndi namondwe wa Ana mu January 2022 n'kugumula mbali ya damu la Kapichira, komanso namondwe wa Freddy mu March 2023, amasiya dzimbiri lomwe limadzaonekera patapita miyezi. Makina akakhalitsa osagwira ntchito m'dzinja, makoswe amamanga zisa pa injini n'kumatafuna mawaya.

Mavuto ena amadza ndi anthu. Kuwotcherera chitsulo pa makina mabatire ndi makompyuta asanazulidwe kumatha kupsereza zipangizo. Kutsuka ndi madzi amphamvu molunjika pa mapulagi kumalowetsa madzi mkati. Kulumikiza waya woduka pongoupota ndi kuukulunga tepi, kapena kumasula kupotana kwa mawaya awiriwo, kumalola magetsi a zipangizo zina kusokoneza mauthenga.

Zonsezi zikutanthauza kuti makaniko wa makina olemera sangadalirenso sipanala yokha. Ayenera kudziwa kuwerenga mapu a mawaya, kugwiritsa ntchito mita ndi laputopu, komanso kulemba manambala a machenjezo asanawafufute. Ngalande ya m'chigwachi ikuyenera kukafika mpaka ku Bangula m'boma la Nsanje, ndipo ngakhale ikadzatha padzafunika makina ochotsa matope ndi kukonza misewu ya m'minda. Achinyamata a kwa Kasisi omwe angaphunzire lusoli m'sukulu za ntchito zamanja zomwe bungwe la TEVETA limayang'anira sadzasowa powafuna.