Mwana Wosakhazikika: Kodi ndi Mwano Kapena ndi Matenda?

Amayi, pa Misa kapena pa phunziro la katekisimu mudamuonapo mwana amene sakhala pansi. Amayi ake amamutsina, aphunzitsi amamukwapula, koma sasintha. Ena amanong'ona kuti adalodzedwa, ena amati makolo adamulekerera. Musafulumire kuweruza. Mwina ali ndi vuto lomwe achipatala amalitcha ADHD.

Ili ndi vuto la kakulidwe ka ubongo. Mwa ana 100 alionse, pafupifupi 5 ali nalo, ndipo limaonekera kwambiri mwa anyamata. Kawirikawiri limakhala lakumtundu. Mwana wobadwa masiku osakwana, wobadwa ndi sikelo yochepa, kapena amene adadwalapo malungo a mu ubongo amakhala pachiopsezo chachikulu.

Zizindikiro zili m'magulu atatu. Loyamba ndi kusaika mtima pa chinthu chimodzi: mukamutuma mchere amabwera chimanjamanja, amataya makope, samaliza ntchito. Lachiwiri ndi kutakataka kopyola muyeso. Lachitatu ndi kuchita zinthu mosaganiza, monga kudula anthu pakamwa kapena kudumpha msewu osayang'ana. Atsikana ambiri satakataka, amangokhala phee maganizo ali kwina, choncho sazindikirika msanga.

Si mwana aliyense wopulupudza amene ali ndi ADHD. Achipatala amafuna kuti zizindikiro zikhale zitayamba asanakwanitse zaka 12, zitatha miyezi 6, zikuoneka kunyumba ndi kusukulu komwe, ndiponso zikumusokoneza pa maphunziro kapena pocheza ndi anzake. Sayeza magazi, amafunsa makolo ndi aphunzitsi. Amaonanso ngati gwero lake si njala, kusamva bwino, kusaona bwino, khunyu kapena nkhanza zapakhomo.

Nanga mungatani? Yambani ku chipatala chapafupi. Akhoza kukutumizani kwa odziwa za matenda a maganizo, monga a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Kunyumba, mutumeni chinthu chimodzi pa nthawi, mukumuyang'ana m'maso. Nthawi yodya ndi yogona isamasinthesinthe. Akachita bwino muyamikireni pomwepo. Pemphani aphunzitsi kuti amukhazike kutsogolo. Ana ena amathandizidwa ndi mankhwala monga methylphenidate, koma owalemba ndi dokotala yekha.

Chikwapu sichichiza ADHD. Chimangomuphunzitsa mwana kuti iye ndi woipa, mapeto ake amasiya sukulu. Ngati mumphakati mwanu muli mayi amene adaleka kubwera ku Misa chifukwa cha manyazi ndi mwana wake, muyendereni sabata ino, ndipo mumuperekeze ku chipatala.