Chipewa cha Chilembwe pakati pa London: ntchito ya Samson Kambalu

Luso losema ziboliboli zoimikidwa pa malo a anthu onse limasiyana ndi luso losungidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu, chifukwa chiboliboli cha pabwalo chimakumana ndi aliyense wodutsa, kaya akuchifuna kaya ayi, ndipo chimauza mtundu wa anthu amene ayenera kukumbukiridwa. Mmodzi wa amisiri amene amvetsa bwino mphamvu imeneyi ndi Samson Kambalu, yemwe anabadwira m'Malawi muno mu 1975, naphunzira ku Kamuzu Academy ndi ku Chancellor College ku Zomba, ndipo tsopano amaphunzitsa zaluso pa yunivesite ya Oxford ku Britain.

Poyamba Kambalu ankadziwika ndi ntchito zina, monga mpira wa miyendo womatidwa masamba a Baibulo umene anautcha Holy Ball, buku la moyo wake la The Jive Talker lomwe linatuluka mu 2008, komanso timafilimu tosakwana mphindi imodzi totchedwa Nyau Cinema, tomwe mayendedwe ake amachokera ku Gule Wamkulu. Koma ntchito imene inamveketsa dzina lake kutali ndi Antelope, chiboliboli chomwe chinavundukulidwa pa 28 September 2022 pabwalo la Trafalgar Square ku London, pa nsanja ya mwala yotchedwa Fourth Plinth. Nsanjayi inamangidwa mu 1841 kuti pakhale chiboliboli cha Mfumu William IV, koma ndalama zitasowa inakhala yopanda kanthu kwa zaka zoposa 150, mpaka mu 1999 pamene anayamba kuikapo ntchito za amisiri mosinthanasinthana.

Kambalu anatengera chithunzi cha mu 1914 chimene chikuonetsa Mbusa John Chilembwe ataima ndi mmishonale wachizungu John Chorley pa tchalitchi chatsopano cha Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pachithunzipo Chilembwe wavala chipewa, pamene m'masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu, ndipo wokana ankaonedwa ngati wamwano woyenera chilango. Patangopita miyezi yowerengeka, mu January 1915, Chilembwe anatsogolera kuukira atsamunda chifukwa cha thangata, ndiye kuti ntchito yokakamiza imene anthu okhala m'maesiteti ankagwira m'malo mwa lendi, komanso chifukwa chotengera Aafirika ku nkhondo yosawakhudza. Iye anaphedwa mu February chaka chomwecho, ndipo tchalitchi chake chinagwetsedwa.

Nzeru yaikulu ya wosemayu ili pa msinkhu wa anthu awiriwo. Chorley anamusiya pa msinkhu wa munthu wamba, koma Chilembwe anamukuza mpaka pafupifupi mamita asanu, wavala suti, chipewa chili pamutu, kotero kuti woyang'ana ali pansi amayamba kuona Mmalawiyo, mzunguyo n'kubwera pambuyo. Ngakhale zili choncho, Chorley sanachotsedwe kapena kunyozedwa, popeza awiriwa anali pa ubwenzi, ndipo apa ndi pamene ntchitoyi ikuposa mkwiyo wamba: imakonza mbiri yopotoka popanda kunamizira munthu. Pabwalo lomwelo la Trafalgar Square pali ziboliboli za Henry Havelock ndi Charles Napier, akuluakulu a asilikali amene analimbitsa ulamuliro wa Britain ku India, motero Chilembwe anaima maso ndi maso ndi ufumu umene unamupha.

Dzina lakuti Antelope likulozera ku Kasiyamaliro, chilombo cha Nyau chooneka ngati nyama ya mtundu wa mphalapala, chimene chimatuluka pa maliro ndipo Achewa amachilemekeza ngati mayi wa mtundu. Chibolibolicho chinakhala pansanjapo zaka ziwiri, mpaka mu September 2024 pamene chinalowedwa m'malo ndi ntchito ya Teresa Margolles wa ku Mexico. Kwa nthawi yonseyo, munthu yemwe Amalawi amamukumbukira pa 15 January chaka chilichonse anaima pakati pa London osavula chipewa chake.