Zikope za Azakhali Zatukuka!

Chaka chatha azakhali anga ankadzuka ali gwa, koma dzuwa likapendeka zikope zinkagwa zokha, munthu mmodzi n'kumamuona pawiri. Kondowole, chakudya chawo kuyambira ubwana, ankalephera kumeza. Chitunda chochokera kudoko la Nkhata Bay ankachikwera mopumirapumira. Geni yawo ya usipa inaima, ndipo anthu anayamba kunong'onezana za ufiti.

Ku Mzuzu Central Hospital madokotala anapeza kuti ndi nthenda ya myasthenia gravis, ndipo vuto lake limakhudza kanthu kotchedwa acetylcholine. Pakati pa mtsempha wonyamula uthenga wa ubongo ndi mnofu pali kampata. Kunsonga kwa mtsemphawo, enzyme ya choline acetyltransferase imalumikiza choline, yemwe timamupeza m'mazira, nsomba ndi soya, ndi acetyl-CoA wochokera ku shuga wa m'thupi. Acetylcholine wapangika! Ameneyu amawoloka kampatako ngati bwato, n'kukakocheza pa mnofu, mnofuwo n'kukungika. Nthawi yomweyo enzyme ina, acetylcholinesterase, imamudula pawiri, choline n'kubwerera mumtsempha kuti akagwirenso ntchito. Kwa azakhali, chitetezo cha m'thupi mwawo momwe chinkawononga malo okochezawo, uthenga n'kumathera panjira.

Anawapatsa mapiritsi a pyridostigmine, omwe amagwira dzanja enzyme yodula ija kuti acetylcholine akhalitseko. Nzeruyi anaionetsa Dr Mary Walker ku London mu 1934, pogwiritsa ntchito physostigmine, mankhwala ochokera ku nyemba za ku Calabar, ku Nigeria. Thandizo lochokera mu Africa momwe muno!

Abale inu, mukanaona! Ola lisanathe chimwereni piritsi, zikope zija tukuu, maso mbee. Anayang'ana mdzukulu wawo n'kuseka: "Iwe, kodi uli wekha? Ndimayesa amapasa!" Tonse tinafa nalo phwete. Madzulo ake anatema mbamu ya kondowole wa batala, osatsamwa ngakhale pang'ono, amayi akululutira kukhitchini.

Nthendayi siinathe. Mphamvu ya piritsi imatha pakapita maola ochepa, choncho amamwa kangapo patsiku, ndipo tsiku la kuchipatala salumpha. Koma sitima ya Ilala ikaliza hutala, azakhali amakhala atafika kale kudoko, beseni la usipa pamutu, mawu awo akuposa a anzawo onse. Amene ankanong'ona aja tsopano akutumiza abale awo ofooka zikope kuchipatala, ndipo wowalondolera njira ndi azakhali omwewo.